Ski-Doo Turbo R kapena Polaris Boost: zimatengera phiri lomwe mukwere

Anzanga a ku Calgary ndi ku Edmonton, kuno ku Canada, andivutitsa mokwanira ndi funso limodzi: "Achimwene, pa ma snowmobile a turbo awa titenge Ski-Doo kapena Polaris?" Ambiri ofunsawo akhala akuchita hayala njinga zamoto zoyenda pa chipale zimenezi ku Golden ndi ku Revelstoke, m'mapiri a British Columbia, zawalowa m'magazi, tsopano akufuna yawoyawo. Ndiyankhe kamodzin'kamodzi. Ine ndimakwera Ski-Doo, ndiye pomwe ndakondera muonapo nokha.

Za ma cc, kutalika kwa track (lamba wamkulu wa pansi yemwe amaiyendetsa pa chipale) ndi mitundu ya penti zili m'timabuku ta ogulitsa, kawerengeni komweko. Chomwe munthu amalipirira turbo ndi mpweya. Ukamakwera phiri mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse. Pofika mamita 3,000, msinkhu wa pa Sapitwa ku Mulanje, injini yomwe m'munsi imabangula imakhala itatsala ndi mphamvu zongopitirira pang'ono magawo awiri mwa atatu. Turbo imapanikizira mpweya mu injini kuti ibweze zomwe phiri lalanda. Kale anthu ankagula turbo yapadera n'kumangirira m'galaja, waranti n'kuthera pomwepo. Mu Januwale 2020 a Ski-Doo anatulutsa Summit 850 E-TEC Turbo, snowmobile yoyamba ya injini ya two-stroke kuchoka ku fakitale ili ndi turbo kale. A Polaris anayankha ndi Patriot Boost pa mamodelo a 2022.

Makampani awiriwa sanaganize mofanana, ndipo apa ndi pomwe ogula ambiri amasochera. A Ski-Doo anafuna kuti mphamvu isasinthe: yoyamba ija inkasunga mahosipawa 165 mpaka pa mamita 2,400, ndipo Turbo R ya 2023 inakweza kufika pa 180, malire ake omwewo. Ukapitirira pamenepo mphamvu imayamba kutsika pang'onopang'ono. A Polaris iwo amati Boost imaposa 850 yawo yopanda turbo ndi 10 peresenti m'munsi, ndi 50 peresenti pa mamita 3,000. Kutanthauza kuti ukamakwera kwambiri ndi pomwe Boost imaonetsa ukali wake.

Ndiye funso ndi lakuti mumakasewerera kuti. Ngati ndi ku Cooke City ku Montana, komwe tauni yeniyeniyo ili kale pa mamita pafupifupi 2,300, kapena ku Togwotee Pass ku Wyoming, kapena ku Colorado, Polaris ili ndi mfundo ndipo sinditsutsa. Koma ife a kuno timapita ku Boulder Mountain ndi Frisby Ridge ku Revelstoke, ku Sicamous, ku Valemount, ku Quartz Creek. Malo ambiri omwe timatherako tsiku safika pa mamita 2,400. Chipale chake ndi chakuya zedi, inde, koma mapiri ake sakwera ngati a ku Wyoming. Kumeneko Turbo R imakhala isanayambe n'komwe kutaya kanthu, ndipo 50 peresenti ija mungoilipirira osakaiona.

Pa kamvekedwe m'manja, Ski-Doo imayankha msanga ukangogunda moto pang'ono. Anaikonza moti injini ikamazungulira pang'ono imakoka mpweya mwachindunji, turbo n'kulowerera pambuyo, choncho m'kati mwa mitengo, momwe umaonjezera moto n'kuusiya kambirimbiri, siikudzidzimutsa. Boost ikagwira imagwira mwankhanza, ma ski n'kuyang'ana kumwamba, ndipo pa chitunda chachitali chopanda mitengo zimakoma kwabasi. M'mitengo yothithikana ine imanditopetsa mapewa.

Thupi la Polaris, lomwe amalitcha Matryx, ndi lopyapyala ndi lolimba. Ukaipendeketsa m'mbali mwa phiri imagwira mzere osagwedezeka, ndipo pamenepa ndivomere kuti akatswiri ambiri amaikonda pachifukwa chomveka. Ski-Doo imapendekeka mosavuta ndipo imakhululukira wophunzira, ngakhale pamalo otsetsereka kwambiri kumbuyo kwake kumafuna kuterereka, n'chifukwa chake anatulutsa mtundu wa Expert wolimbirapo. Sikirini ya Polaris ya 7S, yoonetsa mapu ndi pomwe anzako ali, ndiyabwino ndithu.

Koma kanthu komwe kamandimangirira ku Ski-Doo ndi SHOT. M'mawa umakoka chingwe injini n'kulira, tsiku lonse lotsalalo umangodina batani, popanda batire lolemera. Zimaoneka zazing'ono ukakhala m'shopu. Kazimitsireni injini mutatitimira mpaka m'chiuno, mwakumba ndi fosholo mpaka magalasi achita nthunzi, mtima ukugunda m'makutu chifukwa mpweya ndi wochepa, snowmobile itagona chammbali chingwe chili kunsi. Pamenepo batani lija limaposa mahosipawa khumi. Ku Polaris kulibe chofanana nalo: ukoka chingwe, kapena uvomera kunyamula batire pa mitundu yomwe ili ndi sitata.

Tsopano pomwe ine panandiwawa, ndipo si nkhani ya mtundu wa snowmobile koma ya shopu. Ma turbo okongola aja nthawi zambiri sakhala pawindo kudikira wogula. Umaoda mu Febuluwale kapena Malichi, kupereka dipoziti, n'kudikira mpaka chipale chotsatira. Ine ndinaoda pa shopu ina ku Alberta konkuno, dzina ndilisunge. Mnyamata wa pa desiki anandilembera mtengo kuseri kwa kakhadi kake, tinagwirana chanza, ndinatuluka ndikumwetulira. Tsiku lokatenga, thirela ili kale kumbuyo kwa galimoto, anatulutsa chipepala china chachitali. Pansi pa mtengo tinagwirizana uja panali mizere ina: freight (ya mayendedwe), PDI, ya mapepala, ndi wina wongolembedwa kuti surcharge popanda kufotokoza kuti ndi wa chiyani. PDI imeneyi ndi ndalama yoti aichotse m'bokosi, amange ma ski ndi chiwongolero, athire oilo, ailize n'kuonetsetsa kuti zonse zili m'malo. Nditafunsa chifukwa chomwe sanazitchulire mu Malichi, yankho linali lakuti aliyense amalipira, ndipo ndikakana dipoziti siibwerera komanso pali anthu pamzere omwe akuifuna. Ndalama zoonjezerazo zikanandigulira transceiver (kachipangizo kopezera munthu wokwiririka ndi chipale), ndodo yofufuzira, fosholo ndi chikwama cha airbag chomwe chimafufuma chipale chikagumuka, zonse pamodzi.

Chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti nditafika kunyumba ndinapeza track yolendewera, ndipo bawuti imodzi ya pa chiwongolero inkazungulira ndi zala. PDI yomwe ndinalipira ija ndinaichita ndekha m'galaja yozizira. Nditabwerera mu Januwale ndi kavuto kakang'ono ka waranti, anandiuza kuti ndidikire milungu ingapo, pomwe nyengo yonse ya chipale chabwino ndi miyezi yowerengeka. Ndiye musanatulutse dipoziti, auzeni akulembereni pa pepala losaina mtengo wonse wotulukira nawo pakhomo, msonkho ulimo. Afunseninso kuti ikachedwa kufika mpaka Disembala dipoziti ibwerera kapena ayi, ndiponso kuti ali ndi amakanika angati odziwa turbo. Shopu yomwe ikuzemba mafunso amenewa ithaweni, kaya ikugulitsa Ski-Doo kapena Polaris.

Zina zodya thumba ndi zofanana konsekonse. Onse awiri amafuna petulo wa 91, amamwa kuposa opanda turbo ukamawapanikiza, ndipo oilo wake si wotchipa. Lamba wa kilachi wapadera asasowe m'chikwama, chifukwa chipale chakuya ndi mphamvu ya turbo zimamutenthetsa, ndipo amaduka kutali ndi msewu nthawi zonse.

Pa kudalirika, anzanga a Polaris amakwiya ndikakumbutsa za Ogasiti 2022, koma ndi nkhani yodziwika. Kampaniyi inauza eni ma snowmobile pafupifupi 230,000 padziko lonse, a Matryx ali momwemo, kuti asiye kukwera kufikira atakonza, chifukwa magetsi odziunjikira m'thanki ankatha kuyatsa mafuta okhalitsa. Anakonza, ndipo a Ski-Doo nawonso anaitanitsapo ena awo chifukwa cha chiopsezo cha moto, choncho palibe woyera. Komabe 230,000 si nambala yoiwalika msanga. Mukamagula yakale, ya mtundu uliwonse, tengani nambala yake ya VIN mukafunse kwa ogulitsa ngati zoitanidwa zonse zinakonzedwa.

Ena amafunsa za Yamaha Sidewinder M-TX. Injini yake ya four-stroke ya masilinda atatu ndi yamphamvu ndi yokhalitsa, koma ndi yolemera, ndipo mukaikumba kamodzi m'chipale chofika pachifuwa simudzafunsanso. Kuonjezera apo a Yamaha analengeza mu Juni 2023 kuti akusiya ma snowmobile, mamodelo a 2025 kukhala omaliza. Arctic Cat ya 858 ndi yopepuka koma ilibe turbo, choncho siili pa mpikisano uwu. Lynx Shredder ya ku Rovaniemi ku Finland ndi ya banja limodzi ndi Ski-Doo, injini yake ndi Turbo R yomweyo, imangosiyana thupi ndi masipuling'i.

Chimodzi chomwe turbo imachita bwino kwambiri ndi kukufikitsa pamalo pomwe sunayenere kufika. Pa Boulder Mountain pomwepo, mu Malichi 2010, chipale chinagumuka n'kukwirira gulu la anthu omwe ankaonerera anzawo akukwera chitunda, awiri n'kufa. Bungwe la Avalanche Canada lili ku Revelstoke komweko, limatulutsa chenjezo tsiku ndi tsiku m'nyengo yozizira, ndipo kosi yoyamba yodzitetezera ku ngozi zoterezi, ya AST 1, imatenga masiku awiri okha. Amene alibe kosiyi ndi zida zitatu zija, transceiver, ndodo ndi fosholo, ine sindipita naye, akhale pa Boost kapena pa Turbo R.

Kwa wokwera mapiri a British Columbia ndi Alberta, ine ndikuti Summit Turbo R, bola shopu yake ikhale yolongosoka ndi yapafupi. Amene nyengo yake amathera ku Wyoming kapena ku Colorado, ali ndi mapewa olimba ndipo amakonda zitunda zazitali, atenge Boost, sindimunena. Koma inu amene mwangoyamba chaka chatha ndipo mukuvutikabe kukhota m'chipale chakuya, 850 yopanda turbo, kapena 9R ya Polaris, yomwenso ilibe turbo, ngati mtima uli kumeneko, ikukwanirani kwa zaka zingapo, ndipo ndalama yotsalayo ikalipire kosi, petulo ndi malo ogona ku Revelstoke.