Extra care housing kapena care home: kumene agogo angasamalidwe bwino ku England

Ku care home, nyumba yosamaliramo okalamba ambiri pamodzi, wokalamba amapatsidwa chipinda, ndipo bungwe la Care Quality Commission, lomwe lidayamba ntchito mu 2009, limaunika malo ogonawo pamodzi ndi chisamaliro.

Ku extra care housing n'kosiyana. Agogo amakhala m'nyumba yawoyawo, ya lendi kapena yogula, kiyi ali nayo okha, ndipo osamalira amapezeka pamalopo usana ndi usiku. Kumeneku bungweli limaunika chisamaliro cha pathupi chokha, monga kusambitsa, kuveka ndi kudyetsa. Za nyumbayo n'za eni ake. Ufulu wokhala m'nyumba yawoyawo umenewu ndimaukonda kwambiri, koma kwa agogo oiwalaiwala umandidetsa nkhawa: akagwa m'bafa osamalira atatuluka kale m'nyumba yawoyo, kawirikawiri thandizo limadalira kuti iwo akumbukire kudina batani la alamu.