Ndemanga: kiti ya camshaft ndi manifodi ya 4-2-1 pa injini yakale ya Pinto 2.0

Nyenyezi 4 mwa 5, galimoto itayenda makilomita opitirira 6,000 kuchokera pamene kitiyi inaikidwa.

Kitiyi imachitadi zimene amainenera, koma mphamvuyo siibwera chifukwa chongomangirira zitsulo zatsopano pa injini. Imabwera mukamaliza kutchuna. Kapepala ka malangizo kamene kali m'bokosimo n'kakafupi moti munthu wongodalira kokhako akhoza kutseka boneti n'kupeza galimoto yafooka kuposa mmene inalili. Nyenyezi imodziyo yapita chifukwa cha kapepalako komanso chifukwa cha manifodi.

M'bokosi muli camshaft ya mumsewu yotsegula mavavu kwa madigiri pafupifupi 270, ma follower 8 (tizitsulo ta pakati pa camshaft ndi mavavu), masipuling'i 8 a mavavu, kapaipi kowazira oilo pa camshaft, pule ya vernier (pule ya camshaft yotheka kuisuntha pang'onopang'ono pokonza timing), ndi manifodi ya ekizozi ya 4-2-1 (mapaipi anayi okumana n'kukhala awiri, kenako imodzi). Zonsezi zinaikidwa pa Ford Pinto ya 1993 cc, injini ya camshaft imodzi pamwamba yoyendetsedwa ndi lamba, imene inayamba kutuluka mu 1970 pa Cortina ndi Taunus kenako n'kudzapezekanso pa Capri, Sierra ndi Transit. Kufakitale inkatuluka ndi horsepower pafupifupi 100, compression (kupanikiza kwa mpweya ndi petulo mu silinda) ya 9.2:1 ndi kabureta ya Weber 32/36. Ndi kiti yotereyi, njira za mpweya za m'hedi zisanakuzidwe, yembekezerani pakati pa 115 ndi 125. Wokulonjezani 150 ndi zitsulo zokhazi akukunamizani.

Injini yopanda turbo imadzipumira yokha. Pisitoni ikamatsika, mpweya wapanja ndi umene umadzikankhira kulowa, palibenso china chouthandiza. Ndiye mphamvu yowonjezera ingachokere pa mpweya wambiri wolowa, pa utsi wotuluka msanga, ndi pa moto woyaka nthawi yake petulo ndi mpweya zitapanikizidwa bwino. Camshaft imasamalira choyambacho, manifodi chachiwiri. Chachitatucho m'bokosi mulibe, ndipo ndi chimene chimafuna nthawi yambiri.

Musanaitanitse n'komwe, yezani compression injini ili yotentha, mapulagi onse atachotsedwa, moto mutauponda mpaka pansi. Masilinda anayiwo asasiyane kupitirira 10 peresenti. Ngati imodzi yatsika koma ikukwera mukathiramo kasupuni ka oilo, ma ring atha. Ngati siikukwera, vavu siikutseka bwino. Injini yotopa ikapatsidwa camshaft yotere imangoyamba kufuka utsi wabuluu msanga, mphamvu osaoneka.

Chimene kapepala sikanena poyambirira penipeni n'chakuti hedi iyenera kutsika. Camshaft ya Pinto imasololedwa chakumbuyo, kumene kuli chipupa cha galimoto, choncho simungaisinthe hedi ili pamalo pake. Gulanitu gasiketi ya hedi, masilu a mavavu, lamba wa timing ndi tensioner yake. Ngati mabawuti a hedi ali a Torx, amenewo amatamuka akamangidwa ndipo sabwezeredwanso. Poti hedi ili pabenchi kale, onetsetsani ngati mipando ya mavavu a ekizozi ili yolimba, chifukwa mahedi akale anapangidwira petulo wa mtovu ndipo vavu imamira pang'onopang'ono mukamayendera petulo wa masiku ano.

Apa m'pamenenso muyenera kuganiza za compression. Camshaft yotsegula nthawi yaitali imachedwa kutseka vavu yolowetsa mpweya, pisitoni itayamba kale kukwera. Injini ikamathamanga, liwiro la mpweya limaupitirizabe kulowa ndipo m'pamene phindu lili. Koma pa rpm yotsika gawo lina limabwezedwa kunja, kupanikiza kumachepa, galimoto n'kumalemera ponyamuka. Mankhwala ake ndi kupala hedi pang'ono. Silinda imodzi ndi 498 cc. Pa 9.2:1 malo otsala pamwamba pa pisitoni ndi pafupifupi 60.7 cc, ndipo kuti mufike pa 10:1 ayenera kutsika kufika pa 55.3 cc, kusiyana kwa ma cc asanu ndi pang'ono. Musamuuze wopala hedi mamilimita a pamutu. Yezani chipinda cha hedi ndi sirinji, galasi lathyathyathya lobowola litaphimba pamwamba, chifukwa hedi ya zaka zambiri chonchi mwina inapalidwapo kale. Ngati petulo amene mumapeza ndi wa octane yotsika, imani pa 9.5:1.

Camshaft yeniyeniyo inapangidwa bwino, nsonga zake zosalala, ndipo inalowa m'ma bearing popanda kukakamiza. Masipuling'i nawonso ndi oyenera, koma ayezeni ndithu. Zungulizani camshaft mpaka vavu itatseguka kotheratu, ndipo lowetsani feeler gauge pakati pa mizere ya sipuling'i. Mipata yonse mukaiphatikiza isachepere milimita imodzi. Sipuling'i ikamafika pothinana, nsonga ya camshaft imatha m'makilomita ochepa. Pakaninso inki yabuluu pa follower aliyense, zungulizani kawiri, muone pamene nsonga yapukuta. Mzerewo ukhale pakati, usafike m'mphepete. Ma follower akale musawabwezere ngakhale akuoneka bwino bwanji, ndipo kapaipi kowazira oilo kaikeni katsopano. Timabowo take tikatsekeka ndi zinyalala za oilo wakale, camshaft imauma, ndipo ili ndi vuto lodziwika kwambiri pa injini imeneyi. Musanatseke chivundikiro, zungulizani injini ndi sitata mapulagi mulibe, muone ndi maso anu oilo akutuluka pa kabowo kalikonse.

Pule ya vernier ndi chinthu chimene ndikuchiyamikira kwambiri m'bokosi lonseli, ngakhale kapepala kamangoitchula mzere umodzi. Hedi ikapalidwa, camshaft imayandikira crankshaft, lamba amakhwepa mbali imodzi, ndipo timing imachedwa yokha. Ndi pule ya kufakitale simungakonze, chifukwa dzino limodzi la lamba ndi madigiri pafupifupi 19 pa crankshaft. Mufunika dial gauge (choyezera cha singano choonetsa mmene vavu yasunthira) ndi gudumu la madigiri. Choyamba pezani TDC yeniyeni ya pisitoni yoyamba, kutanthauza pamene yafika pamwamba penipeni, osadalira chizindikiro cha pa pule yakutsogolo. Kenako ikani gauge pa vavu yolowetsa mpweya ya silinda yomweyo. Pansonga penipeni singano imaima kwa madigiri angapo, ndiye musaganizire: werengani madigiri vavu itatsala 0.5 mm kufika pansonga, werenganinso itadutsa ndi 0.5 mm, ndipo pakati pa manambala awiriwo ndiye pansonga. Khadi la camshaft iyi limati pakhale pa madigiri 110 pisitoni itadutsa TDC. Itangomangidwa motsatira zizindikiro inapezeka pa 115. Madigiri asanu amenewo ndi okwanira kuti galimoto izilephera kukoka pa giya yachitatu pachikweza. Kumbukirani kuti digiri imodzi pa vernier ndi madigiri awiri pa crankshaft, ndipo timabawuti take tipakeni mankhwala oletsa kumasuka.

Kuliza koyamba kumaweruza moyo wa camshaft. Pakani mafuta okhuthala opakira camshaft yatsopano pansonga zonse, thirani oilo wa 20W-50 wokhala ndi zinc wokwanira, ndipo konzekeranitu zonse kuti injini ilire kamodzi n'kamodzi. Ikangolira, ikwezeni pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm kwa mphindi 20, mukusinthasintha pang'ono, osailola kutsika pa idle. Pa liwiro lotsika oilo amawazika pang'ono pomwe zitsulo ziwiri zatsopano zikufunika kuzolowerana. Madzi akayamba kudontha kapena kutentha kukakwera, zimitsani, konzani, yambiraninso pa liwiro lomwelo. Mukamaliza tayani oilo ndi fyuluta. Mipata ya mavavu muiyezenso pa makilomita 800, motsatira khadi la camshaft osati buku la galimoto.

Manifodi ndi imene inakhumudwitsa. Kapangidwe kake n'kolondola: silinda 1 imakumana ndi 4, silinda 2 ndi 3, mogwirizana ndi kayakidwe ka 1-3-4-2, kotero kuti utsi wa silinda imodzi umakoka wa inzake m'malo molimbana nawo. Pa galimoto ya mumsewu 4-2-1 imaposa 4-1 chifukwa imalimbitsa mphamvu pa rpm yapakati, pamene 4-1 imasangalatsa pa rpm yapamwamba yokha. Koma chitsulo chogunda pahedi chinabwera chopindika ndi moto wa kuwotcherera. Rula yachitsulo itaikidwa pamenepo, kuwala kunkaoneka pansi pake pa bowo lachiwiri ndi lachitatu, ndipo m'kati munali timibulu ta welding totsekereza njira. Zinafunika kupala ndi kusalaza zisanamangidwe. Mukapanda kutero gasiketi imapsa, mumamva kaphokoso ka tiki-tiki injini ikazizira, ndipo mpweya wolowera pamenepo umanamiza sensa yoyezera utsi. Pa galimoto za chiwongolero cha kumanja mapaipiwa amadutsa pafupi ndi chitsulo cha chiwongolero ndi mapaipi a mabuleki, choncho ikanipo chotchinga kutentha. Paipi yopita kumbuyo ya mainchesi awiri ndi yokwanira. Yokulirapo imangowonjezera phokoso n'kuchotsa mphamvu ya pansi.

Palinso kanthu kamene ambiri amakaiwala. Manifodi ya kufakitale inali ndi kachitini kotumiza mpweya wofunda ku fyuluta, ndipo yatsopanoyi ilibe. M'nyengo yozizira ndi yachinyontho m'kabureta mumatha kuundana ayezi, injini n'kumazima yokha poima. Paipi ya madzi otentha yopita ku manifodi yolowetsa mpweya musaichotse.

Kabureta ya kufakitale ndi yokwanira pa mphamvu imeneyi, palibe chifukwa chothamangira kugula ina. Ili ndi khomo la 32 mm lotseguka poyamba ndi la 36 mm lotseguka mukaponda moto kwambiri. Chofunika ndi kusintha majeti. Nambala ya jeti ndi kukula kwa bowo, 140 kutanthauza 1.40 mm, ndipo musamadumphe kupitirira 5 nthawi imodzi. Yambani ndi jeti ya idle, chifukwa ndi imene imadyetsa injini ponyamuka ndiponso poyenda pang'onopang'ono. Ngati sikuluwu ya mixture ikufuna kumasulidwa kupitirira kawiri ndi theka kuti injini ikhazikike, jetiyo yachepa. Kutsokomola m'kabureta mukangoponda moto n'chizindikiro chomwecho. Majeti aakulu musawaweruze ndi khutu kapena mtundu wa mapulagi wokha. Bwerekani sensa ya wideband, yoyeza kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi petulo: moto wonse uzionetsa pakati pa 12.5 ndi 13, ndipo poyenda mofatsa uzikhala pafupi ndi 14.7. Ngati munaika pampu ya magetsi, isapitirire 3.5 psi, apo ayi petulo amasefukira. Kumalo okwera injini yotere imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse, ndipo majeti amafunika ocheperako.

Za distributor kapepala sikatchula n'komwe. Camshaft iyi imafuna moto woyambirira msanga pa idle, madigiri 10 mpaka 12 m'malo mwa 8. Koma mukangopotoza distributor, madigiri omwewo amawonjezekanso pamwamba. Chotsani paipi ya vacuum, kwezani injini pa 3,500 rpm, muwalitse timing light. Zonse pamodzi zikhale pakati pa madigiri 32 ndi 36. Zikapitirira, kachitsulo kozungulira m'kati mwa distributor kayenera kuchepetsedwa poyenda pake. Kenako yesani pachikweza pa giya yachinayi, rpm ili pansi, moto wonse. Mukamva kugogoda ngati timiyala m'chitini, bwezani madigiri awiri nthawi yomweyo, chifukwa kugogoda kumeneko kumaswa pisitoni.

Zonsezi zitachitika, galimoto imasintha khalidwe. Idle imakhazikika pa 900 kapena 950 rpm, ndi kakunjenjemera pang'ono kosavutitsa. Pansi pa 1,800 rpm ndi yofewerako kuposa kale, ndipo m'misewu yodzaza mumatsitsa giya kawirikawiri. Kuyambira 3,000 imakoka mosadukiza mpaka 6,000, pamene poyamba inkakhala itatha mpweya itangodutsa 5,000. Kupitirira galimoto ina pa giya yachitatu ndiye pamene kusiyana kumamveka bwino. Poyenda ulendo wautali mofatsa imamwa mafuta ngati kale, koma khomo lachiwiri likamatseguka pafupipafupi thanki imatsika msanga. Musapitirire 6,500 rpm ndi mapisitoni ndi mabawuti a con rod a kufakitale.

Klachi yotha imayamba kuterereka m'masiku oyambirira, radiyeta yotsekeka nayonso siichedwa kudziulula, ndipo vacuum ya servo ya mabuleki imatsika pang'ono pa idle, choncho paipi yake ndi kavavu kake zikhale zopanda chilema. Kwa galimoto yonyamula katundu wolemera, yokoka ngolo, kapena ya giya ya otomatiki, camshaft iyi si yoyenera. Pamenepo tengani manifodi yokha, mutchune kabureta ndi distributor, camshaft ya kufakitale muisiye momwemo.