Ziyara ya ku Karbala kuchokera ku Johannesburg: pamanda a Hurr akuthamangitsa anthu

Kampani ina ya ku Fordsburg, mu Johannesburg, yomwe imatengera anthu ku Iraq ntchito yake imaidziwa. Ndege imanyamuka pa OR Tambo, mumasintha ku Doha kapena ku Dubai, n'kukatera ku Najaf basi ikudikira kale. Kuchoka ku Najaf kukafika ku Karbala ndi makilomita pafupifupi 80. Hotela yawo ili pafupi moti agogo amayenda okha wapansi kukafika pamanda a Imam Husayn, mdzukulu wa Mtumiki Muhammad, ndi a m'bale wake Abbas.

Viza amakukonzerani, koma za pemiti yanu ya ku South Africa safunsa. Amalawi, yang'anani tsiku lomwe ikutha musanalipire, chifukwa vuto limadzaonekera pobwerera. Tengani madola kuti mukasinthe madinari, marandi kumeneko alibe ntchito. Nsapato ndi foni zimasiyidwa kwa osunga katundu musanalowe m'kati, ndipo amayi amafunika chovala chophimba thupi lonse.

Chomwe chikutidandaulitsa ndi tsiku lokaona manda a Hurr ibn Yazid al-Riyahi, mkulu wa asilikali amene anasiya gulu lake n'kulowa mbali ya Imam pa nkhondo ya ku Karbala. Manda ake ali kwaokha, makilomita pafupifupi 7 kuchokera pamanda a Imam. Kampaniyi imawaika kumapeto kwa tsiku loyendera malo ambiri, anthu atatopa, dzuwa lawaphika. Woperekeza amangoti "uyu ndi amene analapa", anthu aswali marakaa awiri, woyendetsa basi wayamba kale kuliza hutala.

Kulapako sikumveka ngati simunauzidwe chomwe analakwa. M'chaka cha 680, Hurr ndiye anatumidwa kuchokera kumzinda wa Kufa ndi asilikali 1,000 a pa akavalo kukatchinga njira ya Imam Husayn. Anafika ali ndi ludzu, Imam analamula kuti amwetsedwe iwo pamodzi ndi akavalo awo. Nthawi ya swala itakwana, Hurr anaswali kumbuyo kwa munthu yemwe anabwera kudzamutsekereza. Komabe kalata ya Ubayd Allah ibn Ziyad, bwanamkubwa wa ku Kufa, itafika, Hurr anamvera lamulo n'kuimitsa Imam ndi anthu ake pa Karbala pa 2 Muharram. Pa 7 Muharram gulu la Umar ibn Sa'd, mkulu wa asilikali wotumidwa ndi Ibn Ziyad, linatseka njira ya kumtsinje, ana akulira ndi ludzu pamalo pomwe Hurr anawafikitsa.

M'mawa wa Ashura, pa 10 Muharram, Hurr ataona kuti nkhondo ichitikadi, anayamba kunjenjemera, iye amene ankadziwika kuti ndi ngwazi ya ku Kufa. Atafunsidwa, anayankha kuti akudziona ali pakati pa Jannah ndi Moto. Anasiya gulu la anthu masauzande, udindo ndi malipiro, n'kupita kwa amuna pafupifupi 72 a Imam omwe aliyense ankaona kuti safika madzulo. Imam anamukhululukira, ndipo Hurr anaphedwa tsiku lomwelo. Nkhani yotereyi singanenedwe munthu ataponda kale khomo la basi.

Kampaniyi tikuivomereza, koma musanapereke dipoziti pemphani zinthu ziwiri zilembedwe pa pulogalamu: ulendo wa kwa Hurr ukhale wa m'mawa kukadali kozizira, ndiponso Shehe afotokoze nkhani yonse ku hotela usiku woti mawa lake mupita, pakhale womasulira m'Chichewa kapena m'Chiyao kwa akuluakulu osamva Chingelezi. Akakana, gwirizanani anthu anayi mubwereke takisi pa tsiku lopuma, mtengo mukambirane musanakwere, ndipo muuze dalaivala kuti akudikireni.