Tinatsika phiri tili m'boti

Amene munaona zithunzi zija pa WhatsApp n'kumafalitsa kuti mwana wanu wagula boti ku Mangalande, pepani, linali lobwereka. Tinasonkherana anthu anayi amene timagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba ku Birmingham. Musaganize za Ilala ayi. Ili ndi lalitali ngati basi koma lowonda, mamita awiri okha m'lifupi, ndipo pangalande salola kupitirira mamailosi 4 pa ola. Agogo ena oyenda ndi galu m'mbali mwa madzi anatipitirira bwinobwino, n'kutipatsanso moni.

Ngalande yake ndi ya Worcester and Birmingham, yokumbidwa ndi manja, ndipo anaimaliza mu 1815. Tsiku loyamba kunali kungokhala mwatambe. Tinadutsa pa Bournville pamene pali fakitale ya Cadbury, kenako n'kulowa m'phanga la Wast Hill, makilomita awiri ndi theka mumdima wa ndiweyani, madzi akutidonthera m'khosi.

Thukuta linayamba m'mawa mwake pa Tardebigge. Apa ngalande imatsika phiri, mamita 67, kudzera m'ma lock 30 ondondozana. Lock ndi kachipinda ka njerwa kokhala ndi zitseko zamatabwa kumtunda ndi kumunsi. Mumalowetsa boti, kutseka kumbuyo, kenako kupukusa ndi chitsulo chopindika kuti timazenera ta pansi pa madzi titseguke. Madzi akamatuluka, boti limatsika nawo pang'onopang'ono mpaka makoma obiriwira ndi ndere akukwera kupitirira mutu. Palibe magetsi, palibe wokuchitirani. Chitsekocho mumakankha ndi msana, ndipo madzi a mbali ziwirizo akapanda kulingana, ngakhale mubuule bwanji sichisuntha.

Tinayamba dzuwa likuwala, ine ndili pa malaya okha. Pa lock yachisanu kunayamba mawawa. Pa ya 9 inagwa yeniyeni, ya mphepo, ndipo boti lalitali ngati limeneli mphepo imalikankha cham'mbali ngati chikatoni. Tisanamalize n'komwe kumanga mabatani a majekete, dzuwa lija ilo, nthunzi ikufuka pamatabwa. Kuno mitambo siichenjeza. Kwathu umaiona mvula ikuchokera kuphiri n'kuyamba kulowetsa zovala, koma ya kuno imangokupeza.

Pa lock ya 17 m'pamene tikanalira. Pansi pa chitseko cha kumtunda pamakhala sitepe yamwala yobisika m'madzi, ndipo pakhoma anajambulapo mzere woyera kuti boti lisabwerere kupitirira pamenepo. Kunagwa matalala, mnzathu wa pachiwongolero anawerama kubisa nkhope, boti n'kubwerera m'mbuyo osadziwa. Ndinangoona kutsogolo kukuzyolika, kumbuyo kutakhala pamwala, makapu m'kati akugubuduka. Mayi wina wachikulire amene ankadikira kukwera ndi boti lake anakuwa kuti titseke timazenera msanga. Ndinathamanga panjerwa zonyowa, n'kutera bondo pansi, koma ndinatseka. Iye anatsegula ta kumtunda pang'ono pang'ono, madzi anabwerera, boti n'kuyandamanso. Sanatikalipire. Anangoloza mzere uja ndi chitsulo chake, n'kundiyang'ana ngati mmene amayi amayang'anira mwana amene wasiya mphika pamoto.

Kuchokera pamenepo nthabwala zinatha. Wina ankatsogola wapansi kukadzaza lock yotsatira, wina kutseka ya m'mbuyo, chifukwa mukasiya kazenera kotsegula mumaphwetsa madzi a anzanu obwera pambuyo. Ine boti ndinalikwera pang'ono chabe tsiku limenelo, phiri lonse ndinatsika ndi miyendo, nsapato zikulira madzi.

Tinafika pansi patatha maola 6, utawaleza uli cha ku Bromsgrove, m'manja muli matuza. Tikuyanika masokosi pa chitofu, mnzathu wa pachiwongolero uja anatulutsa pepala la eni boti n'kuwerenga mokweza kuti boti libwezedwe pamene tinalitenga. Tonse tinasuzumira pawindo kuyang'ana kumtunda.