Makina oyeretsa bala: fungo linatha, koma bilu inatidabwitsa

Bala la bambo a kunyumba linayamba ngati kathuza pachidendene, chifukwa cha nsapato za kuntchito. Iwo ali ndi shuga ndipo phazi lawo silimva ululu, ndiye tinadzazindikira sokosi itamatirira. Miyezi isanu likungotuluka mafinya, bandeji kubiriwira, fungo lake mpaka ana kumakadyera kuchipinda. Maantibayotiki anamwa mpaka m'mimba kukana.

Tinapita ku kiliniki ina yolipira kuno ku Manchester komwe amayeretsa mabala ndi makina a Coblation, njira yomwe ija madokotala amachotsera matonsilo. Anandilola kukhala pakona, nditavala masiki. Atabaya jekeseni ya dzanzi, dokotala anatenga kachipangizo konga cholembera, kodontha madzi amchere kunsonga. Mphamvu ya magetsi yotchedwa radiofrequency ikadutsa m'madziwo pamayaka kakuwala kofiirira kotchedwa plasma, ndipo ndi kameneko kamasungunula mnofu wakufa pamodzi ndi tizilombo tobisala m'zoterera za pabalapo. Kutentha kwake n'kwa madigiri 40 mpaka 70 basi, kotero mnofu wamoyo supserera. Ine ndinkadikira utsi ndi fungo la kanyenya, koma ayi, kunali kaphokoso chabe ka paipi yoyamwa madzi. Anamaliza tiyi wanga asanazizire n'komwe, bala lili psuu, loyera m'mbali monse.

Kubiriwira kuja akuti kunali kwa kachilombo ka Pseudomonas. Patatha masiku atatu fungo linali litatheratu, ana anabwerera patebulo. Pamenepo pokha ndikuwavulira chipewa.

Chondinyansa n'choti palibe anatiuza kuti kusintha bandeji kuli ndi bilu yakeyake. Tinadzamva tili pakauntala, khadi lili m'manja. Mwezi umenewo ndalama yotumiza kwa amayi ku Ntcheu inachedwa. Komanso pepala lawo lotsatsa limalankhula ngati makinawo amapoletsa bala. Sapoletsa, amangoyeretsa. Nesi wachikulire ndiye ananena zoona: “Bambo, mukamaponderabe chidendenechi, shuga n'kukhala wokwera chonchi, tikumananso pano.” Anawapatsa jombo lolemera loteteza chidendene, lomwe amalida koopsa, ndipo nsima tinachepetsa, nkhondo ina imeneyo.

Kilinikiyi ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ino ndi sabata yachisanu ndi chiwiri, bala latsala ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Jombo lija ndimachita kuwalondera, apo ayi amalivula akamapita kukhitchini usiku.