Foda ilipo kale: os.makedirs kapena pathlib?

Tinene kuti pulogalamu yanu ya Python imasunga malisiti a mashopu awiri, ina ku Limbe ina ku Ndirande, mu foda ngati malisiti/2024/Limbe. Mukagwiritsa ntchito os.mkdir popanga fodayo, foda ikakhalapo kale pulogalamu imaima n'kutulutsa FileExistsError. Ikasowa foda ya 2024 imakananso.

Ambiri amayamba afufuza ndi os.path.exists ngati foda ilipo, kenako n'kupanga. Vuto lake n'lakuti pakati pa kufufuzako ndi kupangako, pulogalamu ina itha kupanga foda yomweyo, yanu n'kugwa. Pa kompyuta ya mu shopu sizichitikachitika, koma pa seva musayerekeze.

os.makedirs(njira, exist_ok=True) (apa njira ndi adiresi ya foda, ngati malisiti/2024/Limbe) imapanga mafoda onse apakati yokha, ndipo ikapeza alipo imangodutsa osadandaula. Zimenezi zinayamba mu Python 3.2.

Path(njira).mkdir(parents=True, exist_ok=True) ya mu pathlib imachitanso chimodzimodzi kuyambira Python 3.5, koma mukaiwala parents=True mukumana ndi FileNotFoundError foda yapakati ikasowa. Ineyo ndimakonda iyi, chifukwa Path("malisiti") / "2024" / "Limbe" imawerengeka bwino ndipo imayenda pa Windows ndi Linux pomwe.

Zonse ziwiri zimakanabe ngati pamalopo pali fayilo yokhala ndi dzina lomwelo.