Kuyambira pa Kubernetes kapena pa Cloud Run: kuyerekeza maphunziro a osamutsa mapulogalamu

Wopanga mapulogalamu amene wapatsidwa ntchito yochotsa pulogalamu pa seva yakale kuti iziyenda m'makontena (maphukusi okhala ndi pulogalamu ndi zonse zimene imafuna kuti iyende) ku cloud (maseva obwereka a pa intaneti) ali ndi njira ziwiri zophunzirira, ndipo zonsezo zimafuna kuti ayambe wadziwa Docker, chida chopangira makontena chimene chinatuluka mu 2013: kulemba Dockerfile (fayilo ya malangizo), kupanga image (phukusi limene kontena imayambirapo) ndi kuitumiza ku registry, kosungira ma image. Zimasiyana kuchokera pamenepo.

Njira yoyamba ndi ya Kubernetes, pulogalamu yoyang'anira makontena ambiri, imene Google inatulutsa mu 2014 ndipo tsopano ili m'manja mwa Cloud Native Computing Foundation. Bungwe la Linux Foundation lili ndi maphunziro oyambira aulere komanso mayeso a satifiketi ya Kubernetes otchedwa CKAD, a maola awiri, omwe munthu amagwira ntchito yeniyeni pa terminal m'malo mosankha mayankho. Ubwino wake ndi wakuti zimene mwaphunzira zimagwira ntchito pa GKE, EKS ndi AKS (Kubernetes ya pa cloud ya Google, Amazon ndi Microsoft), ndipo mutha kuyeserera pa kompyuta yanu ndi minikube popanda kulipira. Koma katundu wake ndi wolemera. Zigawo zake monga Pod, Deployment, Service ndi Ingress, komanso mafayilo a YAML ozifotokozera, zimabwera nthawi imodzi, moti wophunzira amatha masabata akulimbana ndi kubectl (chida cholamulira Kubernetes), pomwe pulogalamu imene anauzidwa kuti asamutse sanaikhudze n'komwe.

Njira yachiwiri ndi yoyambira pa Cloud Run ya Google kapena Fargate ya Amazon, kumene eni ake amasamalira okha maseva. Ine ndimaona kuti woyamba kumene amapindula kwambiri kuno, chifukwa mavuto amene amakumana nawo ndi a pulogalamu yake yomwe. Cloud Run imafuna kuti pulogalamu izidikira mauthenga pa nambala ya khomo (port) imene imaipatsa pansi pa dzina loti PORT, yomwe imakhala 8080 ngati simunasinthe, ndipo yolephera kutero siyamba n'komwe. Fayilo imene pulogalamu yalemba m'kontena imafufutika kontenayo ikaima, choncho chithunzi chimene kasitomala watumiza m'mawa chingathe kusowa pofika madzulo. Akaona zimenezi ndi maso ake, wophunzira amamvetsa chifukwa chake mafayilo ayenera kusungidwa kunja kwa kontena, mawu achinsinsi a database asalembedwe mu image, ndipo ma log (zolemba za zimene pulogalamu ikuchita) azituluka pa stdout, njira imene pulogalamu imaonetsera zolemba pa terminal. Zimenezi ndizo phata la kusamutsa, ndipo adzazifunanso tsiku limene adzafike pa Kubernetes.

Vuto la njirayi ndi lakuti mumafunika akaunti yokhala ndi njira yolipirira, ndipo malamulo ambiri amene mungaloweze pamtima ndi a kampani imodzi yokha.

Kwa amene akusamutsa pulogalamu imodzi kapena ziwiri, ndikulangiza kuti ayambe ndi njira yachiwiri, Kubernetes ibwere pambuyo. Amene kuntchito kwawo akugwiritsa kale ntchito OpenShift ya Red Hat (mtundu wina wa Kubernetes) asazungulire ayi, apite ku maphunziro ake mwachindunji, pakuti OpenShift, ngati simunasinthe makonzedwe ake, siilola kontena kuyenda ngati root (wogwiritsa ntchito wokhala ndi mphamvu zonse), ndipo image imene imayenda bwino pa kompyuta yawo ingathe kukanika kumeneko.